Kunong'oneza Kamtumiki Mayankho

Lolemba, 9 Juni

Ambuye ndipatseni kuleza mtima, kanthu aka kanditopetsa. Kamtumiki. Ndi mmene ndimakatchulira kapulogalamu ka AI kamene tikukonzera chipatala cha maso, komwe Amayi amapita kuja, koti kazilandira mauthenga a odwala pafoni. Kali ndi zida zake: chosungitsira tsiku lokaonana ndi dokotala, chosinthira tsikulo, chofufutira. Chida chilichonse chili ndi mawu ochilongosola, ndipo kamasankha chida pongowerenga mawuwo basi. Olemba mawuwo ndi alamu, amuna a asisi. Ine ntchito yanga ndi kunamizira kukhala wodwala, kukalembera uthenga, kenako kuchonga. Kakasankha bwino, chobiriwira. Kakalakwa, chofiira.

Lero ndalemba kuti, "Lachinayi sindibwera kuli maliro, kodi Lachisanu zingatheke?" Kafufuta tsiku lonselo. Kenako n'kundifunira tsiku labwino. Ulemu wake!

Lachiwiri, 10 Juni

Ndawerenga zimene alamu analemba. Pa chofufutira: "Gwiritsani ntchito wodwala akati sabwera." Pa chosinthira: "Chosinthira." Liwu limodzi, ngati kuti mawu akugulitsidwa. Chonsecho ndi munthu amene akapatsidwa pemphero la pachakudya amatalikitsa mpaka timadya zozizira.

Nanga kosaukako kachite bwanji? Kakangoona "sindibwera" kamathamangira kumene kauzidwa.

Ndinawauza alamu chapansipansi. Maso osachotsa n'komwe pakompyuta, akuti, "Mlamu, mawu akachuluka kamasokonezeka. Inu ingoyesani."

Ndiyankhe chiyani? Ntchitoyi anandipezera ndi iwowo, ine ndi kasatifiketi kanga ka sekondale, ndipo asisi salola kuti ndiiwale. Ndikadzaza zofiira, Abwana afunsa kuti walemba mawuwa ndani.

Lachitatu, 11 Juni

Zonse zobiriwira lero. Sindikunyadira.

Ndatulukira kuti ndikawonjezera kumapeto kwa uthenga kuti "chonde gwiritsani ntchito chosinthira, musafufute," kamakhoza. Ndiye ndakhala ndikuwonjezera. Ndi bodza kodi? Sindinalembe chonama chilichonse. Ndangokanong'oneza, ngati mmene ndimachitira ndi mwana wa asisi akaiwala vesi pamaso pa mpingo. Komabe buledi wanga wamasana ndinangomusiya.

Abwana anadutsa, n'kuwerama pa kompyuta yanga. "Zokongola. Lolemba tikukapereka kuchipatala."

Lachinayi, 12 Juni

Mlaliki wa pawailesi m'mawa amakamba za sikelo zonyenga. Ndinatseka wailesi. Mutu tsiku lonse.

Lachisanu, 13 Juni

Amayi anaimba foni nthawi yopuma. Tsiku lawo lochotsa ng'ala m'diso, limene adikira kuchokera chaka chatha, lagundana ndi ukwati wa mdzukulu wa mnzawo. Akuti ndiwathandize kuuza achipatala. Ndinati Amayi, mukanawauza kuti chiyani? Anayamba: moni, mwendo ukuwavuta, mvula, mnzawoyo anawathandiza bambo atamwalira, "ndiye tsiku limenelo ine sindibwera ayi, koma diso ili ndilo landivuta ana inu, mwina sabata inayo."

Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani. Ndinalemba mawu awo ndendende, n'kupatsa Kamtumiki. Osanong'oneza.

Kanafufuta. "Tsiku lanu lachotsedwa. Mukhale ndi tsiku labwino."

Zinali zoyeserera chabe, ndikudziwa. Koma Lolemba sizikhalanso zoyeserera, ndipo Amayi sadzalemba kuti "gwiritsani ntchito chosinthira." Sadziwa n'komwe kuti kuli chosinthira. Ndani amadziwa?

Ndinabwereza mayeso onse popanda mawu anga owonjezera aja. Kufiira kwake ngati pophera ng'ombe. Ndinatumiza kwa Abwana ndi kwa alamu, pamwamba ndi uthenga wa Amayi, n'kuulula zonse zimene ndinachita Lachitatu. Ndinalemba motalika kwambiri, mpaka za wailesi. Abwana anangoyankha kuti, "Za wailesi sizimafunika. Lolemba sitipereka. Tikambirana atatu."

Alamu anaweruka osandiitana kuti ndikwere nawo galimoto monga mwa masiku onse. Ndabwera pabasi, choimirira.

Loweruka, 14 Juni

Asisi pafoni: "Iwe, wawatani bambo a ana? Munthu sakudya." Ndinayesa kufotokoza za chosinthira ndi chofufutira. Akuti, "Usandiuze za makina. Galu saluma dzanja lomudyetsa." Ndiye ine galu tsopano.

Ndachapa zovala zoyera kale. Ndapempherera alamu, koma ndivomereze, pemphero linatuluka ngati dandaulo la kukhoti. Ambuye, liwu limodzi! Akanalemba ziganizo ziwiri zokha bwenzi tonse tili pamtendere.

Lamulungu, 15 Juni

Potuluka m'tchalitchi ndinafuna kuzemba, koma Amayi anandigwira mkono, akuti tonse kwa asisi. Asisi anandipatsa moni wa pakhosi n'kulowa kukhitchini.

Pabalaza ndinapeza alamu atatsegula kale kompyuta pa katebulo kaja kogwedera. Ndinasuzumira. Pa chosinthira tsopano pali ndime yathunthu: wodwala akatchula tsiku lina, kapena akaonetsa kuti akufunabe kuonana ndi dokotala, gwiritsani ntchito ichi. Pa chofufutira: musafufute musanamufunse mwini wake.

Anawakhazika Amayi pampando wabwino uja. "Amayi, tangonenani monga mmene mungawauzire achipatala."

"Zonse?"

"Zonse, Amayi."

Amayi anakonza mpango, n'kuyamba ndi mwendo. Alamu analemba pang'ono, zala zikuwachedwa, kenako anapumira m'mwamba. Anasendera kumapeto kwa sofa, n'kukankhira kompyuta kwa ine, osandiyang'ana.

"Lembani ndinu, mumafulumira. Koma osakanong'oneza."

Ndinakhala pansi. Amayi anali atafika pa mvula.