Laputopu ya Ahedi

Lachinayi madzulo, ku Machinjiri. Lero mtima wanga suli m'malo.

Ndinabwereka laputopu ya ahedi kuti ndionetse ana a Sitandade 7 kanema wa momwe mtima umapopera magazi. Tsamba lomwe ndinatsegula pa intaneti linakana kuonetsa kanemayo, ati ndiyambe ndaika kapulogalamu kena. Ana anali ataunjikana kale patebulo, ndiye ndinangodina. Kanema sanabwere. M'malo mwake panayamba kutulukira zithunzi zolaula. Ndinatseka laputopu msangamsanga, koma Chisomo, kamtsikana kokhala kutsogolo, anaona n'kugwira pakamwa.

Nditaweruka ndinakwera minibasi kupita ku Zingwangwa kwa alamu anga a Makwinja, okonza makompyuta. Anapukusa mutu. "Alamu, masiku ano kanema amasewera yekha patsamba pomwepo. Tsamba likakuuzani kuti muike kaye kanthu, dziwani kuti ndi akuba amenewo. Muzingolitseka." Anachotsa kapulogalamuko, n'kundionetsa kanema wa mtima patsamba lina popanda kuika chilichonse. Ndinafunsa ngati zonyansazo zatheratu. Anati, "Ndikuganiza choncho." Sananene kuti inde.

Laputopu ndakabweza kunyumba kwa ahedi osawauza kanthu. Ndimafuna kuulula, koma ndinangothokoza n'kubwerera.

Mawa kuli msonkhano wa makolo. Ahedi adzalumikiza laputopu yomweyo ku pulojekita, chithunzi khoma lonse la holo, abusa atakhala pampando wakutsogolo. Ndipo wapampando wa komiti ya sukulu ndi mayi ake a Chisomo. Kaya mwanayo wanena kale kunyumba, kaya...