Msuweni Wathu ndi Zilembo Zoduka Pakati

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Msana uja unasiya kukuvutitsani? Nanga amayi akumwa mankhwala awo, kapena akuwabisabe pansi pa pilo? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo ukuwira.

Musadabwe kuti foni yanga sikupezeka. Ndaizimitsa dala. Nkhani ndi ya msuweni wathu, mwana wa amalume uja. Ntchito yake panopa ili m'manja mwanga, ndipo sindikubisirani, ndikufuna achotsedwe.

Mukukumbukira mmene anafikira kuno ndi kachikwama kofa zipi. Anagona pa sofa yanga mpaka inaloboka pakati. Ndine ndinamulankhulira kwa abwana kuti amulembe ntchito. Ndine ndinamuphunzitsa C, chilankhulo chimene timalembera mapulogalamu a kompyuta, pomwe iye ankangodziwa kutsegula makanema a mpira.

Kuti mumvetse chimene anandichita, ndifotokoze pang'ono ntchito yanga, musagone. Kampani yathu imapanga timabokosi tolemba mawu m'munsi mwa kanema pa TV. Mawuwo amalowa m'bokosi ali timagawo totchedwa mabaiti. Chilembo cha Chingerezi ndi baiti imodzi basi, koma zilembo za mitundu ina zimatenga mabaiti awiri, atatu, zina anayi. Pulogalamu yanga imasonkhanitsa mabaitiwo n'kuwasandutsa nambala ya Yunikodi, dongosolo limene linapatsa chilembo chilichonse cha padziko nambala yakeyake.

Povuta ndi apa. Mawu safika onse pamodzi, amabwera m'mitolo, ndipo mtolo ukhoza kuthera pakati pa chilembo. Choncho ndinaika kamalo kosungira theka lijalo mpaka linzake litafika, ngati mmene munthu sutayira nsapato chifukwa choti inzake sinaoneke.

Kamalo kameneko ndi kamene msuweni wathu anachotsa ine ndili patchuthi. Anayesa ndi mawu a Chingerezi okhaokha, zonse zinayenda, ndipo liwiro linakwerako pang'ono. Pamsonkhano anaimirira, tayi pakhosi, n'kuuza abwana kuti pulogalamu yanga inkasenza katundu wachabe, ndiponso kuti anthu a msinkhu wanga amaopa zatsopano. Anthu anaseka, achimwene. Ine ndili pompo, mwana amene ankadya m'poto wanga akundisandutsa nthabwala!

Mpando wanga wa pawindo abwana anampatsa iye. Ine anandiponya ku kachipinda kakumbuyo kopanda mpweya, koyesera zingwe ndi marimoti. Msuweniyo kunyumba kwanga anasamuka osatsanzika, kiyi ndinangoipeza pamwamba pa firiji. Kuntchito anasiya kundipatsa moni, n'kumandinena kuti mayi a zingwe aja.

Sindinam'tchere msampha ayi. Ndinamuchenjeza kamodzi pamasitepe kuti zimene wachitazo zidzam'phulikira akadzakumana ndi zilembo za mabaiti ambiri. Anandiyankha kuti nsanje indidwalitsa. Ndinangomusiya. Paja mwana akalira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Tsiku linafika. Kunabwera alendo ochokera kutali, a zilembo za mabaiti atatu, kudzaona mabokosi athu asanagule. Ine anandiitana kuti ndikalumikize zingwe. Ndinavala diresi langa lobiriwira la kuukwati wanu lija, ndinalumikiza bwinobwino, kenako n'kukhala pampando wakutsogolo, miyendo piringizani.

Mizere yoyamba inatuluka bwino, msuweni wathu akumwetulira mpaka mano a kumapeto. Kenako pakati pa mawu panayamba kutuluka timabokosi topanda kanthu ndi zizindikiro za funso m'malo mwa zilembo. Mlendo wina anavula magalasi n'kuwapukuta, kuganiza kuti vuto ndi maso ake. Posakhalitsa pulogalamu inangoti zii, pa TV palibe chilembo n'chimodzi chomwe.

Msuweni wathu anazimitsa, anayatsa, anazimitsanso. Thukuta linatulukira mpaka pa jekete. Mapeto ake anati vuto ndi chingwe. Ndinadzuka mwaulemu, ndinam'patsa chingwe chatsopano ndi manja awiri, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Apo m'pamene anaweramira kukhutu kwanga n'kunditchula kuti asuweni, ati ndimuthandize. Ndinamuyankha mokweza kuti ine ndi mayi wa zingwe, za mapulogalamu amadziwa ndi achinyamata. Achimwene, Mulungu andikhululukire, koma chikhalireni sindinamvepo kukoma ngati tsiku limenelo.

Alendo atatuluka abwana anandiitana ku ofesi. Ndinabwezeretsa kamalo kanga kaja, alendo anabweranso mawa lake ndipo anakhutira. Mpando wanga wabwerera. Abwana, pofuna kudzichotsa manyazi, anandiuza kuti ndisankhe ndekha ngati mnyamatayo atsale pansi panga kapena azipita, ndipo yankho ndikapereke Lolemba.

Iye kupepesa sanapepese. Anathamangira kuimbira amalume. Amalume anandiimbira ine n'kundilalikira kuti chibale ndi fupa sichiola. Ndinawauza kuti fupa lomwelo ndi limene landitsamwa pakhosi. Sanandifunse n'komwe kuti miyezi yonseyi ku kachipinda kaja ndinkakhala bwanji. Anangoti poti ndakula mtima, apita kukalankhula ndi mlongo wawo, ndiye kuti amayi.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, siyani zonse mupite kwa amayi amalume asanafike. Mukawauze nkhani yonse monga ndalemberamu, osachotsa za kuseka kwa anthu pamsonkhano paja. Ndipo foni yanu musawabwereke, ya alamu musawabwereke, ngakhale ya aneba, mpaka Lolemba litadutsa.

Mukundidziwa inu. Amalume ndikhoza kulimbana nawo chaka chathunthu, abwana sindiwaopa. Koma amayi akangonditchula ndi mawu awo onjenjemera aja n'kunena kuti mwanangu mukhululukire, ine ndigonja. Mnyamatayo atsala, azidzakhala moyang'anana nane tsiku ndi tsiku, ndipo azidzadziwa kuti anandiponda n'kupulumuka. Nthawi zonse wokhululuka pabanja pathu amakhala ine. Ulendo uno wokha ndithandizeni kuti ndisakhululuke.

Moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ndikuifunafunabe. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono wosamva uja, kwa azakhali ndi kwa achemwali athu aakulu. Amayi mundipsompsonere, muwauze kuti ndiwaimbira ndekha Lachiwiri, akandikalipire mmene angafunire. Amalume musawapatse moni wanga, wandithera.

Ndine mlongo wanu, yemwe mumamutcha
Wamakani