Ndinaizimitsa ndi Dzanja Langa

Lolemba

[07:42] Perpétua: alamu, kompyuta ya muofesi mwanga kuno ku mandimba ndaipeza yoyaka. lachisanu ndinaizimitsa ndi dzanja langa, kiyi ndinapita naye

[07:43] Perpétua: pa screen pali kalata ya alimi a fodya a ku ngauma, yomwe ndinawalembera yodandaula za mkulu wa sikelo wa kampani yathu. maina onse 14 ali poyera

[07:58] Perpétua: técnico wa makompyuta a kampani ndinu. walowa ndani?

[09:15] Tomás: palibe walowa alamu. ndinaiyatsa ndine loweruka, ndili konkuno ku cuamba

[09:15] Perpétua: yozimayo?? musandipusitse

[09:21] Tomás: mkati mwa processor muli kachipangizo kosagona. anaikiratu ku fakitale kuti tizikonza osayenda ulendo. bola zingwe za magetsi ndi network zili m'malo, ndimaiyatsa n'kumaona zonse ngati ndakhala pampando wanu

[09:22] Perpétua: ine kumata kamera, kusintha password mwezi ndi mwezi, kuifunditsa chitenje ngati khanda. kani inu mukungondiseka

[09:24] Tomás: password kalibe nayo ntchito

[09:24] Perpétua: zaka 3 mukudya kwathu osandiuza. mwandinyansa alamu

[09:31] Tomás: chefe, bwana wathu uja, anamva kuti kukulembedwa kalata, anandilamula. ndikanatani? nane ndili ndi ana

[09:33] Perpétua: anthu aja ndinawalumbirira. anadinda zala papepala, ine nditakopera mainawo mu kompyuta pepalalo ndinaliwotcha iwo akuona. ndinawauza kuti muno ndiye mobisika

[09:33] Perpétua: mainawo mwatumiza kwa chefe?

[11:02] Perpétua: alamu

[13:40] Tomás: mukanangozula chingwe kukhoma

[13:41] Perpétua: ooh. ndye wolakwa ndine. zikomo kwambiri

Lachitatu

[10:05] Perpétua: mverani. ndi bambo omari a ku massangulo m'boma la ngauma, mmodzi mwa 14 aja

[10:05] Perpétua: 🎤 0:24 (wotumizidwa) "Mayi Perpétua, galimoto ya feteleza inabwera dzulo. Anawerenga maina, ife khumi ndi anayi akuti chaka chino tisalime ndi kampani. Inu sitikukukayikirani ayi, pepala tinaliona likupsa. Ndiye kuti watigulitsa ali pakati pathu. Anthu akuloza mkamwini wanga Milagre. Usiku amuthyolera chitseko."

[10:09] Perpétua: ndiwayankhe chani? nditchule dzina lanu?

[10:10] Tomás: pls alamu, andichotsa ntchito

[10:10] Perpétua: ndye milagre azimenyedwa?

[10:47] Perpétua: ndikuona kuti mwawerenga

[12:00] Perpétua: chapa, minibasi ya ku massangulo, inyamuka 1 koloko. ndakwera kale, ndikawauza zoona ndekha