Mimba ya Achemwali Rozina Si ya Mwana

Achimwene,

Moni ku Joniko. Ndikhulupirira muli bwino, poti munthu wodwala sangalembe kalata yachipongwe ngati yanu ija. Kuno tilipo, koma achemwali Rozina sakudzukanso pamphasa.

Munalemba kuti atichititsa manyazi potenga mimba tisanamete maliro a amuna awo. Imvani tsono. Dotolo wa ku Tete wawayeza, ndipo mulibe mwana. Ndi chotupa cha m'thumba la mazira, iwo amati kankuru, ndiye khansa, ndipo akuti apite kuchipatala chachikulu cha ku Beira msanga.

Lamulungu, Misa itatha ku Fonte Boa, ndinaimirira pakhomo la tchalitchi n'kufotokozera azimayi za matendawa, kuti mnzawo akatupa mimba azithamangira naye kuchipatala m'malo momuseka. Ambiri anapereka mbatatesi zoti tikagulitse kumsika wa ku Kalomwe, tipeze ya ulendo. Nditafika ndi dengu kwa akazi anu, amene anayambitsa bodzali, anati, "Mlamu, ine ndinangonena zimene maso anaona." Ndinati, "Maso omwewo aone kuti denguli silinadzaze." Sanaponyemo ngakhale imodzi.

Tumizani ndalama mwezi uno, ndipo mulembere achemwali kuwapepesa akadali moyo. Iwo amafunsabe za inu tsiku lililonse. Mulungu akukhululukireni, poti ine sindinafikepo pokukhululukirani.

Ine mlongo wanu,
Marita