Zovala za Mlongo Wanu

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, chifuwa chokha.

Tsiku lomaliza lija tinapalira thonje, mlongo wanu akundiseka kuti ndikusiya udzu. Kenako anapita ku Marka kukagulitsa nsomba. Ndinamuonanso ali mtembo.

Tsopano imfa yake ikukambidwa pa pulogalamu ya m'mafoni yofufuza milandu. Omvera ambiri akuti wakabaza amene anamangidwa uja ndi wosalakwa. Msuweni wanu Zuze, amene anapereka umboni womumangitsa, amakalipa: "Zimitsani, mukudzutsa maliro!" Komatu ndi yemweyo anafunsa za dimba la malemu tisanaike n'komwe.

Zovala za mlongo wanu sindinagawire abale. Ndapatsa mkazi wa wakabazayo. Chonde musamuuze Zuze.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu.