Masabata Asanu ndi Awiri a Pageti

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lawo lasiya kutupa? Kuno tikudzuka ndithu, koma thupi langa latopa mpaka m'mafupa.

Khanda lakwanitsa miyezi inayi ndi sabata imodzi. Silinalawepo kanthu kena koma bere, ngakhale dontho la madzi. Chifukwa chake ukuchidziwa. Mkulu wake ndinamuyambitsa phala ali ndi miyezi iwiri kuti ndibwerere kuntchito, ndipo tinagonekedwa m'chipatala katatu ndi matenda otsegula m'mimba. Uyu wabwera imvi zitayamba kale, ndiye sindikufuna kubwereza. Ndinalonjeza mumtima kuti afika miyezi isanu ndi umodzi ali pa bere lokha.

Kufakitale yosoka kumene ndikugwira salola ana kulowa. M'mawa ndimafinyira mkaka m'kapu, alamu ako amamumwetsa ndi supuni, koma pofika masana umakhala utatha. Choncho amamubereka kumbuyo n'kuyenda naye mpaka pageti. Belu la nkhomaliro likalira, ine ndimathamanga ulusi uli m'tsitsi. Alonda amatibwereka kanyumba kawo, muli mpando umodzi wothyoka chotsamira. Ndimayamwitsa uku ndikudya ndi dzanja limodzi, maso ali pa wotchi yapakhoma. Alondawo anamutcha Bwana, ati ndi yekhayo amene amafika pantchito nthawi yake n'kuchoka atakhuta. Anzanga apamakina amandiseka kuti iwo akulera zidzukulu, ine ndikunyowetsa bulauzi ngati mtsikana. Mayi oyandikana nafe nyumba amandiuza tsiku lililonse kuti mwana akulira ludzu. Ndinasiya kuwayankha, mphamvu zotsutsana ndilibe.

Tsopano alamu ako awaitana kukayendetsa lole, kuyambira tsiku loyamba la mwezi wamawa, atakhala pakhomo chaka ndi theka. Anandiuza kuti akhoza kukana, palibe vuto. Koma ananena zimenezo akupukuta nsapato zawo zakuntchito, osandiyang'ana kumaso.

Masiku ano ndimakumbukira kawirikawiri mmene ndinkakuberekera kupita nawe kumunda kuti amayi akakuyamwitse. Ankaponya khasu pansi, n'kukhala pamzera, n'kupukuta bere ndi nsonga ya nsalu. Unkalemera, ndipo unkandikoka tsitsi njira yonse. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti amayi ankatopa chonchi.

Pempho langa ndi limodzi. Ubwere udzakhale nafe masabata asanu ndi awiri, uzidzamubweretsa Bwana pageti masana aliwonse. Ndikudziwa kuti uli ndi nyumba yako, ndiponso ndiwe amene ukusamalira amayi. Mwina azakhali angakugwirire masiku amenewa. Chipinda chathu n'chimodzi, udzagona kuseri kwa katani pamodzi ndi mwana wamkulu, ndipo njira yake ndi yafumbi, yopanda mthunzi. Sindikukubisira kanthu.

Ngati sizitheka sindikhumudwa nawe, koma undiyankhe mwezi usanathe. Ndiyenera kudziwa amene ndimulande chake, bambo ntchito yawo kapena mwana bere lake, ndipo sindinapezebe mawu ouzira aliyense wa iwo.

Upereke moni kwa amayi, uwauze asamanyamule ndowa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi kwa ana ako onse. Alamu ako akupereka moni, sakudziwa kuti ndalemba zimenezi.

Tsala bwino,
Ndine mkulu wako.