Soketi ya mu Galaja ya Delores

Deming, New Mexico
21 Novembala

Wokondedwa mng'ono wanga Lavonne,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino. Chiuno chija chikukulola kukwera masitepe tsopano? Ndamva pa wailesi kuti chipale chofewa chayamba kale kugwa kwanuko ku Fargo. Usamachotse wekha pakhomo ndi fosholo, mwana wako Craig alipo wa ntchito imeneyo. Kuno tili bwino, ine ndi alamu ako a Merle. Bondo lawo likamva kutentha limasiya kudandaula, eni ake ndiwo sasiya.

Galimoto yathu yogonamo, imene iwe unaitcha Kamba, yayenda bwino. Tayala limodzi linaphulika ku Nebraska, basi. Vuto likadali lomwe lija loimika chobwerera m'mbuyo. Ine ndimaima kumbuyo n'kumakupiza manja, iwo amati manja anga sanena kanthu. Ndimawayankha kuti zaka makumi anayi ndi zitatu pakamwa panganso sipananenepo kanthu kwa iwo.

Tafika kuno mochedwa ndi sabata yathunthu, ndipo chotichedwetsacho ndi chimene ndalembera kalata m'malo moimba foni.

Ukumukumbukira Delores, mnzanga uja tinkagwira naye ntchito ku kampani ya matelefoni, amene anakakwatiwa ku Salina, ku Kansas? Amuna ake a Orval anamwalira mu Malichi. Kumaliro sitinapite, tinali kutali. Ndiye tinati ulendo uno timudzere.

Malamulo a alamu ako ukuwadziwa, anawatola kwa anzawo a magalimoto otere atangopuma ntchito. Ukafika kwa mnzako umaimika panja pa nyumba, umagona pabedi pako, umasamba m'bafa mwako, khofi wam'mawa umaphika wako. Chopempha ndi chimodzi, pobaya chingwe cha magetsi. Tsiku lachitatu umasiya botolo la jamu patebulo n'kunyamuka. Amati ndiwo ulemu, ndipo kunena zoona kwa anthu ambiri zimayenda. A Bergstrom ku Sioux Falls anatiyamikira kuti ndife alendo osamveka n'komwe.

Delores tinamupeza atakonza chipinda. Makina osokera anawatulutsamo yekha, anagula nsalu zapabedi zatsopano, mataulo awiri ali pampando opindidwa bwinobwino. A Merle anasuzumira, anayamikira, kenako anati tisamuvutitse, tabwera ndi nyumba yathu, angotionetsa soketi. Delores anatsegula galaja n'kuwalozera soketiyo. Nkhope yake ndinaiona, koma ndinadzinamiza kuti ndi kutopa. Titadya nyama yowotcha ndi mbatata tinatsuka mbale, tinamutsanzika ngati anthu opita kutali, n'kuyenda mapazi khumi ndi awiri kukagona.

Mawa lake masana ine ndi a Merle tinakawongola miyendo. Pobwera tinapeza chingwe chazulidwa, chakulungidwa mwaulemu pa sitepe ya Kamba, galaja yokhoma. Delores anati soketi yafa.

Munthu amene wagwira ntchito ya magetsi moyo wake wonse sungamuuze kuti soketi yafa iye n'kukhala pansi. A Merle anathamangira bokosi la zipangizo.

"Alamu, mukaigwira soketi imeneyo ndikuthyolani zala," anatero Delores.

"Mphindi zisanu zokha, mlamu, ndingoona."

"Ndati yafa. Mtunda wonsewu mwabwera kudzaona ine kapena soketi yanga?"

A Merle anayamba kumulimbitsa mtima kuti asadandaule, tili ndi mabatire ndi gasi, titha kukhala masiku anayi osabaya paliponse. Ankanena monyadira, Lavonne. Delores anali atatifulatira, akupukuta kapu youma kale. Pamenepo ndinadziwa kuti tikakagonanso panja, makhadi a Khirisimasi azibwerabe, koma mnzanga ndikhala nditamutaya. Ndinawaponda phazi, la mwendo wabwino uja, n'kuwauza kuti akatenge mapilo.

Tinagona m'nyumba. M'mawa Delores anatsika nthawi ili pafupi naini, tsitsi lili nyankhalala. Anati alamu amaliza mkonono ngati thirakitala yakale ya bambo ake, khoma lonse kunjenjemera. A Merle anayamba kupepesa, iye anati asiye zimenezo, chichokereni a Orval ndi koyamba kugona mpaka dzuwa kumupeza pabedi. Anati nyumba ya munthu mmodzi imakhala ndi phokoso lake, firiji, mapaipi, matabwa, ndipo iye amangokhalira kumvetsera. Akuti tsiku loyamba lija anaima pa zenera la kukhitchini kuyang'ana nyali yathu panja, ife tikuseka mkati, iye ali ndi bedi loyala lopanda munthu.

Tinakhala masiku khumi. Jamu tinadya tonse atatu mpaka botolo kuoneka pansi. A Merle anakonza chitseko cholira, mpope wodontha ndi nyali ya pakhonde. Tsiku lonyamuka anazemba ndi kachipangizo kawo kukayeza soketi ija, ndipo tili mumsewu anandiuza modabwa kwenikweni kuti ilibe vuto lililonse. Ine ndinangoti, zoona? Tinayenda mamailosi makumi atatu. Kenako anandifunsa kuti zenera la kukhitchini kwa Lavonne limayang'ana mbali iti.

Ndinawauza kuti limayang'ana pomwe timaimika.

Ndiye pempho langa ndi ili. Chimwalirireni amuna ako a Duane takhala tikuimika pakhomo pako chaka chilichonse tikabwerera, kasanu tsopano, ndipo sunanenepo kanthu. Iwe ndi ine anatilera ndi mayi amene sankapempha ngakhale mchere kwa mnansi, choncho chete wakoyo sindikumukhulupiriranso. Chipinda cham'mwamba chija chadzaza makatoni. Umuuze Craig akuthandize kuwasuntha Epulo asanafike. Ngati mkonono sukuufuna m'nyumba mwako, undilembere mosabisa, sindikhumudwa, ineyo ndikuudziwa kulemera kwake kuposa aliyense. Koma usandiyankhe kuti kulikonse kumene tingagone kuli bwino. Yankho limenelo ndalilandira kasanu, lakwana.

Undiperekere moni kwa Craig, mkazi wake ndi zidzukulu zonse. Ukapita kunyumba ya okalamba, uwauze azakhali a Borghild kuti jamu wa kaphikidwe kawo anayamikiridwa mpaka ku Kansas. Moninso kwa achimwene athu a Vernon, uwauze chipewa chawo chili ndi ife, sichinasowe. Alamu ako akupereka moni. Akuti uyeze bedi lam'mwambalo ngati miyendo yawo ingakwane, ndipo chingwe adzachisiya m'galimoto.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Arlys